Mafunso anu: "Fodya sasuta, nanga chibayo chikuwabwerera bwanji?"

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, mowa ndi chifuwa, nde ndangosankhapo angapo kuti tikambirane bwinobwino. Maina ndachotsa ngati mwa nthawi zonse.

FUNSO: Adokotala, amuna anga amamwa tsiku ndi tsiku, zaka zikukwana 12 tsopano. Fodya sasuta olo pang'ono, amadana nalonso fungo lake. Koma chaka chathachi agonekedwa kawiri ndi chibayo, ulendo wachiwiriwu mpaka anawaika pa okosijeni masiku 6 ine ndikugona pansi pambali pa bedi. Nesi wina anandikokera pambali nkundiuza kuti mowa ndi umene ukuwapweteka, nditawauza bambowa anangoseka amvekere mowa umapita mmimba osati mmapapo, chodandaula ndi chiwindi. Kunena zoona nanenso zandizunguza mutu. Nesi uja amanena zoona kapena amangofuna kuwaopseza kuti asiye?
Mayi wa ana atatu

YANKHO: Mayi, nesi uja sanakunamizeni ndipo ndikumuthokoza kuti analimba mtima kukuuzani. Bambowo muwafunse funso limodzi ili: ngati mowa umathera mmimba, nanga fungo lija mumalimva mmawa iwo atasamba kale, atatsuka mkamwa bwinobwino, limachokera kuti? Limachokera mmapapo. Mowa ukafika mmatumbo umalowa mmagazi, ndipo magazi onse a mthupi amayenera kudutsa mmapapo kukatenga mpweya, nde pamenepo mowa wina umatuluka ngati nthunzi nkumadutsa mu timapaipi ta mpweya nthawi iliyonse munthu akapuma. Nchifukwa chake apolisi apamsewu amauza dalaivala kuti auzire mpweya mu kamakina kaja, kamene Robert Borkenstein anapanga ku America mu 1954, kamadziwa mowa wa mmagazi poyeza mpweya wochokera mmapapo. Munthu amapuma maulendo pafupifupi 20,000 patsiku, nde taganizani za munthu woti mowa sunamuthere mmagazi kwa zaka 12.

Chimene chimasokoneza anthu nchoti mowa suwononga mapapo moonekera mmene umachitira utsi wa fodya. Wosuta amatsokomola, akakwera chitunda amachita befu, aliyense amaona. Womwa yekha atha kujambulidwa mchifuwa chithunzi nkutuluka choyera bwinobwino iye nkumanyada nacho. Mowa umachita kuchotsa alonda pakhomo, nyumba imaoneka yabwino ndithu koma chitseko sichinakhomedwe, zimadziwika tsiku lobwera wakuba.

Mlonda woyamba ali pakhosi. Pali kachivindikiro kamene kamatseka njira ya mpweya tikamameza, komanso kutsokomola kuja timachita china chake chikalowa njira yolakwika. Mowa umagonetsa zonsezi, nde munthu woledzera akagona malovu ndi tizilombo ta mkamwa, nthawi zina ndi zobwerera kuchokera mmimba zomwe, zimatsetsereka pang'onopang'ono kulowa mmapapo iye osatsokomola osadziwa nkomwe. Wachiwiri ali mu timapaipi ta mpweya, muli timaubweya tosaoneka ndi maso timene timagwedera usana ndi usiku kukankhira mamina, fumbi ndi tizilombo kumtunda kuti tilavule kapena kumeza. Pakabwera vuto timaubweyati timayenera kuwonjezera liwiro, koma kwa munthu womwa zaka zambiri timakhala ngati tagontha, fumbi libwere matenda abwere timangoyenda mwaulesi momwemo.

Wachitatu ndi amene amandiwawa mtima kwambiri chifukwa palibe amamuona. Kumapeto kwa timapaipi tija kuli timatumba ta mpweya toposa 300 miliyoni, khungu lake lopyapyala kuposa pepala lililonse mungaliganizire, ndipo mmenemo mumakhala maselo a chitetezo otchedwa ma macrophage, ntchito yawo ndi kumeza kachilombo kalikonse kofika kumeneko. Mowa wa nthawi yaitali umawapundula, alipo ndithu koma sameza bwino komanso amachedwa kuitana anzawo nkhondo ikayamba. Palinso mankhwala ena amene thupi limapanga lokha, glutathione, oteteza khungu la timatumbati, akatswiri a ku Emory University ku Atlanta anapeza kuti mwa anthu omwa kwambiri amakhala atatsika zedi olo munthuyo akuoneka wathanzi akuyenda bwinobwino.

Nkhaniyi si yachilendo ayi. Benjamin Rush, dokotala wa ku Philadelphia, analemba kale mzaka za mma 1780 kuti anthu omwa mwauchidakwa amagwidwa msanga ndi chibayo ndi chifuwa chachikulu, ndipo William Osler amene madokotala ambiri amamutenga ngati gogo wawo pa ntchitoyi, zaka zoposa 100 zapitazo anaika uchidakwa patsogolo penipeni pa zinthu zotsegulira chibayo njira. Kulinso bakiteriya wina wotchedwa Klebsiella amene sakonda kugwira mapapo a munthu wathanzi koma kwa omwa kwambiri ndi odwala shuga amawononga mwachangu, makhololo ake amakhala okhuthala ofiirira osakanikirana ndi magazi.

Tsono mayi, chibayo kawiri chaka chimodzi si chinthu chongochiyang'ana. Bwererani nawo kuchipatala akayezedwe makhololo kuona TB, akayezedwenso shuga ndi HIV, ndipo mufunse ngati katemera wa chibayo wa akuluakulu alipo chifukwa anthu omwa kwambiri ali mgulu loyenera kulandira. China chimene ndikufuna musaiwale: munthu womwa akadwala chibayo thupi silitentha kwambiri nthawi zina, chimene chimayamba ndi kubwebweta ndi kusokonekera mutu, apabanja nkumati aaa waledzeranso, tsiku nkudutsa. Mukaona akupuma mothamanga ali chikhalire, milomo yada, akuyankhula zosamveka, musadikire kuti mowa uthe kaye mmutu, thamangani nawo. Ndipo nkhaniyi muwayambe mmawa ali bwinobwino osati usiku atabwera, muwawerengere tsamba lino ngati mukuona kuti mawu anu sawamvanso.

FUNSO: Bwana dokotala, mnzanga wina tinkamwa naye Loweruka mpaka anakomoka, tinamunyamula nkukamugoneka pa bedi chagada ife nkubwerera kukapitiliza. Mmawa tinamupeza atasanza, masanzi mpaka mmphuno. Pano padutsa masabata awiri akutsokomola makhololo onunkha koopsa moti olo kukhala naye pafupi kukuvuta, usiku akutuluka thukuta. Iye akuti ndi chimfine chabe. Nditani?
Mnyamata wa zaka 24

YANKHO: Achimwene, mumutengere kuchipatala lero, osati mawa, ndipo mukafika mukanene zonse mmene mwandiuzira ine, kukomoka, kugona chagada, masanzi mmphuno. Chimfine sichinunkha choncho. Zimene mukufotokozazi zikufanana kwambiri ndi chithupsa cha mmapapo. Masanzi akalowa mnjira ya mpweya amabwera ndi asidi wa mmimba amene amawotcha mapapo maola ochepa chabe, komanso amabwera ndi tizilombo ta mkamwa ndi mu nkhama timene timakula bwino pamalo popanda mpweya, nde pakatha sabata imodzi kapena ziwiri kachigawo ka phapo kamaola nkusanduka dzenje la mafinya, fungo mukulimvalo ndi limenelo. Kawirikawiri limakhala phapo lakumanja chifukwa paipi yake ndi yotakata komanso yolunjika kuposa yakumanzere, chilichonse cholowa molakwika chimagwera kumeneko. Akamujambula, akamuyezanso TB chifukwa thukuta lausikulo, ndipo mankhwala ake ndi a masabata angapo, osati tima kapisozi ta masiku atatu togula panjira.

Koma ndikufuna ndikhalepo pang'ono pa usiku ujawu chifukwa mnzanuyo anapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Ine ndinaonapo mnyamata wa msinkhu wanu atabweretsedwa mbandakucha, shati yake yatsopano itauma ndi masanzi pachifuwa, nsapato imodzi kulibe, anzake ataima pakhomo akungobwereza mawu amodzi omwewo kuti koma amaliza mkonono, timaona ngati wagona. Mkonono umenewo, uja wokhala ngati madzi akuwira pakhosi, unali kutsamwa. Sanadzukenso. Anzake sanali anthu oipa, anamunyamula, anamufunditsa bulangete, chimene sanadziwe ndi kagonekedwe basi.

Nde mverani. Munthu wokomoka ndi mowa sagonekedwa chagada. Mugonekeni chammbali, mwendo wapamwamba mupinde bondo kuti asagubuduke, dzanja lake muliike pansi pa tsaya, mutu muukweze chibwano pang'ono kuti khosi litseguke kukamwa kutaloza pansi, akasanza zitulukire panja. Musamusiye yekha, chifukwa mowa umene uli mmimba umapitilira kulowa mmagazi olo wasiya kumwa, amene mwamusiya akupuma bwino atha kusintha pakatha ola. Musamumwetse kanthu, musamulowetse chala kukhosi kuti asanze, musamuthire madzi ozizira. Werengani kapumidwe kake, akamapuma kosakwana ka 8 pa mphindi kapena akumaima masekondi 10 osapuma, khungu lazizira, milomo yada, mukumutsina sakumva, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala nthawi yomweyo. Mowa wambiri umafooketsa mbali ya ubongo imene imalamula kupuma, ndipo ukasakanizidwa ndi tramadol, diazepam kapena mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine ngati mmene achinyamata ena akuchitira masiku ano, munthu amangosiya kupuma ali mtulo mwakachetechete.

FUNSO: Ndili pa mankhwala a TB mwezi wachiwiri tsopano, chifuwa chasiya, thupi layamba kubwerera, ndikumva bwino kwambiri. Kale ndinkamwa mabotolo 5 kapena 6 madzulo aliwonse. Pano anzanga akundiseka eti ndasanduka mbusa. Botolo limodzi kapena awiri pa wikendi lingandiphe ngati? Komanso ndimve, mowa ndi umene unandipatsa TB?
Bambo wa zaka 38

YANKHO: Bambo, ndiyambe ndi funso lachiwirilo. TB imabwera ndi kachilombo kamene munakapuma mumpweya kuchokera kwa munthu wina wodwala, mu botolo mulibe TB. Koma anthu ambiri padziko ali nako kachilomboka mthupi katatsekeredwa ndi chitetezo ndipo sadwala moyo wawo wonse, amene amakatsekera ndi ma macrophage omwe aja ndafotokoza pamwambapa, nde mukawafooketsa kamadzuka. Mu 2008 Knut Lönnroth ndi anzake anaphatikiza kafukufuku wa maiko osiyanasiyana nkupeza kuti munthu womwa mowa weniweni woposa magalamu 40 patsiku, kapena amene mowa wamulowerera, amadwala TB pafupifupi katatu kuposa ena. Magalamu 40 musawaone ngati ambiri, botolo la 330 ml la mowa wa 5% lili ndi magalamu 13, nde mabotolo atatu mwafika kale pafupi penipeni ndi mzere, inu munkamwa pafupifupi kawiri kwake. Bungwe la WHO limaika uchidakwa pa zinthu zisanu zikuluzikulu zokankhira anthu ku TB, pamodzi ndi kunyentchera, HIV, fodya ndi shuga, ndipo matendawa si masewera, mu 2023 anthu 10.8 miliyoni anadwala, 1.25 miliyoni anamwalira. Onjezanipo kuti malo omwera ambiri ndi othithikana, mawindo otseka, anthu akuyankhulana pafupi mokweza maola ambiri, kachilomboka kamakonda pomwepo.

Za botolo la pa wikendi yankho langa ndi ayi, ndipo sindikunyengererani. Mu mapiritsi mukumwawo muli mankhwala anayi, isoniazid, rifampicin, pyrazinamide ndi ethambutol, atatu oyambawo onse amalemetsa chiwindi, ndipo chanucho chagwira kale ntchito ya mabotolo 6 patsiku kwa nthawi yaitali. Chikatupa madokotala amakakamizika kuimitsa mankhwala, TB nkupeza mpata. Mkodzo wofiirira ngati lalanje usakuopseni, ndi rifampicin ameneyo, koma mukaona maso achita chikasu, nseru, kusanza, kupweteka kumanja pansi pa nthiti, pitani tsiku lomwelo. Isoniazid amathanso kuchititsa dzanzi ndi kuwotcha kumapazi, mowa nawo umachita zomwezo, nde ziwirizi zikakumana zimavuta, funsani za vitamini B6 ngati sanakupatseni.

Ndipo tiuzane zoona bambo, munthu amene ankamwa 6 saima pa limodzi. Lachisanu limodzi, Loweruka atatu, Lamlungu mmawa matsire piritsi laiwalika, mwezi wachinayi mwayamba kudumphitsa, mapeto ake TB yosamva mankhwala imene chithandizo chake nchovuta kwambiri kuposa ichi. Kumva bwino mwezi wachiwiri kumanamiza anthu ambiri, tizilombo tachepa koma sitinathe, miyezi ndi 6 yonse. Anzanuwo asekeni nawo, ndipo ngati pali amene mumakhala naye pafupi amene akutsokomola mumuuze akayezetse.

FUNSO: Ndili ndi mphumu kuyambira ndili mwana. Sindimwa kwambiri koma ndikangomwa kapu imodzi ya vinyo chifuwa chimathina mpaka kulira ngati kamwana ka mphaka. Ndi maganizo chabe?
Mtsikana wapantchito

YANKHO: Si maganizo achemwali. Pa kafukufuku wina ku Australia mu 2000, munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a mphumu ananena kuti mowa unawayambitsirapo kubanika, ndipo vinyo ndi amene anatchulidwa kwambiri. Mu vinyo muli ma sulfite amene amathira kuti asawonongeke, mulinso mankhwala ena otchedwa histamine makamaka mu wofiira, zonsezi zimathinitsa timapaipi ta mpweya mwa anthu ena, nthawi zambiri ola lisanathe. Mowa umathanso kubweza asidi wa mmimba kukhosi usiku nkuyambitsa kutsokomola. Thupi lanu lakuuzani kale, musiyeni vinyoyo, ndipo inhela yanu isamachoke mchikwama.

FUNSO: Agogo anga ankati kamowa kaukali kamatenthetsa chifuwa ndi kupha tizilombo ta chimfine. Nzoona?

YANKHO: Ayi. Kutentha mumamvako ndi mitsempha ya pakhungu imene yatseguka, thupi likutaya kutentha kwake panja, mkati mukuzizira. Mowa umapha tizilombo pa dzanja kapena pa tebulo ukakhala wa 60% kupita mtsogolo, mmagazi mwa munthu olo ataledzera kwambiri kawirikawiri sufika olo 1%. Bodza lomweli linapha anthu oposa 700 ku Iran mu 2020 amene anamwa methanol, mtundu wa mowa wapoizoni, poganiza kuti akudziteteza ku COVID-19.

FUNSO: Adokotala ndikulemba ndi misozi. Achimwene anga anachita ngozi ya galimoto, anathyoka ntchafu ndi nthiti, anawapanga opaleshoni nkuwaika magazi ndipo tsiku lotsatira timacheza nawo akuseka. Tsiku lachitatu anayamba kubanika, anapita nawo ku ICU pa makina opumira, patatha sabata anatisiya. Anatiuza kuti mapapo anadzadza madzi ndipo anatifunsa ngati ankamwa kwambiri. Inde ankamwa, koma polowa mchipatala tinabisa chifukwa cha manyazi. Kodi mowa ukugwirizana bwanji ndi mwendo wothyoka? Kapena ndife tinawapha pobisa?
Mlongo wawo

YANKHO: Pepani kwambiri mayi, pepani. Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulocho: simunawaphe. Fayilo yawo sindinaione koma zimene mwafotokozazi zikufanana ndi vuto lotchedwa ARDS, limene madokotala a ku Denver analifotokoza koyamba mu 1967 pa odwala 12. Thupi likakumana ndi vuto lalikulu, kaya ngozi, kaya tizilombo tofalikira mmagazi, kaya chibayo choopsa, chitetezo chimadzuka mwaukali mthupi monse, ndipo khungu lopyapyala la timatumba ta mpweya tija limayamba kudontha, madzi a mmagazi nkulowa mmalo oyenera kukhala mpweya. Kawirikawiri sizionekera nthawi yomweyo, zimabwera pakadutsa tsiku limodzi, awiri, atatu, nchifukwa chake munacheza nawo akuseka. Olo mzipatala zapamwamba kwambiri padziko, anthu pafupifupi 4 mwa 10 aliwonse ogwidwa ndi vutoli sapulumuka.

Pamene mowa umalowera ndi apa. Mu 1996 Marc Moss ndi anzake ku Colorado anatsatira odwala 351 amene anali pa chiopsezo cha ARDS, mwa omwa mwauchidakwa 43% anagwidwa nayo, mwa enawo 22%, kusiyana kawiri. Khungu la timatumba mwa munthu womwa limakhala lofooka kale, glutathione uja watsika zedi, tsiku ndi tsiku limapirira chifukwa palibe cholikankha, nde ngozi ikabwera limagonja msanga. Kuwonongekako kunachitika zaka zambiri ngozi isanachitike, ndipo palibe jekeseni amene akanakubweza mmasiku atatu inu mukananena.

Komabe kwa ena onse owerenga ndikupempha, dokotala kapena nesi akafunsa za mowa muzinena chilungamo, ndi nambala yake, mabotolo angati patsiku, anamwa komaliza liti. Safunsa kuti akuchititseni manyazi. Akadziwa amakonzekera kunjenjemera ndi kusokonekera mutu kumene kumabwera munthu womwa akakhala masiku awiri atatu pa bedi osamwa, amasamala ndi mankhwala ogonetsa, amayang'anira kapumidwe pafupipafupi. Inu mayi lirani achimwene anu ngati mlongo, mlandu umenewu muutule.

FUNSO: Ndawerenga zambiri ndipo ndatopa nawo mowa. Ndili ndi zaka 45, ndamwa zaka 20, ndimasutanso ndikamamwa. Mmawa manja amanjenjemera mpaka nditamwa kaye kamodzi. Akazi anga akuti usiku ndimaliza mkonono nkumasiya kupuma mpaka amandigwedeza. Ndikasiya pano mapapo angachire kapena ndachedwa kale? Ndikufuna kusiya Lolemba likubwerali kamodzinkamodzi.
Bambo wofuna kusintha

YANKHO: Bambo, kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo yandisangalatsa. Simunachedwe. Zina zimasintha usiku woyamba womwe mwagona osamwa, mlonda wa pakhosi uja amadzuka, malovu ndi zammimba sizilowanso mmapapo. Mkonono ndi kusiya kupuma kuja nakonso kumachepa chifukwa mowa umalefula minofu ya pakhosi njira ya mpweya nkumafwafwanizika mtulo, koma kukapitilira mutasiya mukanene kuchipatala chifukwa ndi matenda paokha ndipo amakweza BP. Chitetezo cha mkati mwa mapapo chimabwerera pang'onopang'ono, ndi nkhani ya masabata ndi miyezi, musayembekeze zodabwitsa sabata yoyamba. Ku Denmark anayesapo pa anthu omwa kwambiri oyembekezera opaleshoni, amene anasiya mowa mwezi umodzi opaleshoni isanachitike anakumana ndi mavuto ochepa kwambiri pambuyo pake kuyerekeza ndi amene anapitiliza, mwezi umodzi wokha. Chimene sichibwerera ndi zipsera, ngati TB kapena chithupsa chinadya kale mbali ina ya phapo pamenepo pamakhala pomwepo, koma mbali yotsalayo ndi yaikulu ndipo ndi imene mukuiteteza.

Fodyayo musamusiye kumbuyo. Utsi umawotcha timaubweya tija, mowa nkutilepheretsa kudzuka, ndipo pa khansa ya mkamwa, pakhosi, pa kholingo ndi kummero ziwirizi zikaphatikizana chiopsezo chimachulukana kwambiri kuposa chilichonse pachokha. Bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika kale mowa mgulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa mu 1988. Mawu akasasa masabata atatu osabwerera, kapena kumeza kukayamba kuvuta, kapena mukaona magazi mmakhololo, mukaonetse. Chimodzimodzi mimba kapena miyendo ikamatupa ndipo mukubanika mukagona chagada, chifukwa chiwindi kapena mtima zikatopa ndi mowa madzi amatha kusonkhana mchifuwa.

Koma pa pulani yanu ya Lolembayo ndikukuimitsani pang'ono. Manja onjenjemera mmawa mpaka mutamwa akutanthauza kuti thupi lanu lazolowera mowa moti kuudula kamodzinkamodzi muli nokha kunyumba nkoopsa. Pakatha maola 6 mpaka 24 kumayamba kunjenjemera, thukuta, nseru ndi mtima kuthamanga, mkati mwa masiku awiri ena amagwa nkumaphupha ngati a khunyu, ndipo tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonekera mutu nkumaona zinthu zoti palibe, zimenezi zimapha, ndipo munthu wogwa chonchi amathanso kutsamwa ndi masanzi omwe aja. Nde Lolembalo likhale tsiku lopita kuchipatala, mupite ndi akazi anu, mukanene kuti ndamwa zaka 20, ndimamwa mwakuti patsiku, mmawa ndimanjenjemera, ndikufuna kusiya. Pali mankhwala amene amapereka kwa masiku ochepa oti thupi litsike bwinobwino, ndi vitamini B1 woteteza ubongo, ndipo adzaona ngati mungathe kusiyira kunyumba kapena mugone kaye masiku angapo. Mukapemphenso kuti akujambuleni mchifuwa ndi kuyeza makhololo ulendo womwewo. Kufikira tsikulo musadule mwadzidzidzi, ndipo mayi akunyumba muwaonetse kagonekedwe ka chammbali kaja ndafotokoza pa funso lachiwiri. Pakatha mwezi mundilemberenso, ndikufuna kumva mmene mukugonera.